Nkhuku 300 za ku Sherborn: mafunso ndi mayankho pa ntchito ya Dr. Stuart Levy

Pa 4 September 2019, ku America kunamwalira dokotala wa zaka 80 amene ambiri a ife sitinamvepo dzina lake, chikhalirecho nkhani imene anaigwirira ntchito moyo wake wonse imapezeka m'nyumba iliyonse momwe mwasungidwa makapisozi otsala kuti adzamwe wina akadzadwala. Dzina lake ndi Stuart Levy. Kwa zaka zoposa 40 ankalimbana ndi funso limodzi: zimatheka bwanji kuti mankhwala amene ankachiza dzulo, lero azingodutsa m'thupi ngati madzi?

Kodi Stuart Levy anali ndani?

Anabadwa mu 1938 ku Wilmington, m'chigawo cha Delaware, ndipo bambo ake analinso dokotala. Anabadwa mapasa. Mnzake wobadwa naye, Jay Levy, ndi mmodzi wa akatswiri oyamba kupeza kachilombo koyambitsa Edzi, ku San Francisco. Stuart anayamba waphunzira Chingelezi pa Williams College, kenaka anachita za udokotala pa University of Pennsylvania n'kumaliza mu 1965. Mu 1971 analowa ntchito pa Tufts University ku Boston, ndipo sanachokepo mpaka pamene anapuma mu 2018. Ankaona odwala, ankaphunzitsa, koma mtima wake unali mu labotale, pa timbale tokulitsira mabakiteriya.

Anthu amati, "Thupi langa linazolowera mankhwala amenewa." Kodi zimenezi ndi zimene ankafufuza?

Mawuwo timawamva kawirikawiri pa mzere wa kuchipatala, koma amaloza kolakwika. Chimene chimasintha si thupi la munthu ayi. Ndi tizilombo.

M'matumbo, pakhungu ndi pakhosi pa munthu aliyense muli mabakiteriya osawerengeka, ambiri osavulaza, ena othandiza kumene. Munthu akamwa maantibayotiki, mankhwalawo sasankha kuti aphe kokha kamene kakumudwalitsa. Amasesa onse amene ali ofooka. Ngati pakati pa unyinjiwo pali tochepa tokhala ndi njira yozembera mankhwalawo, timeneto timatsala, malo n'kukhala atawokha, ndiye timaswana mosaopa kanthu. Kachilombo ka E. coli kakapeza pabwino kamagawika pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Kukamacha, tochepa tija tadzaza.

Akuluakulu akukumbukira mmene zinathera ndi kolokwini. Anali mankhwala odalirika a malungo, kenaka anasiya kugwira, mpaka mu 1993 Malawi anasinthira ku Fansidar, ndipo mu 2007 ku LA. Kachilombo ka malungo si bakiteriya, koma nkhani yake ndi yomweyo. Ngakhale Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anachenjezeratu mu 1945 polandira mphotho ya Nobel kuti munthu akamwa mlingo wosakwana amangophunzitsa tizilombo kupirira m'malo motipha.

Nanga n'chiyani chinamutengera mnyamata wa ku America ku Japan?

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku Japan kunkabuka kamwazi pafupipafupi, woyambitsidwa ndi kachilombo ka Shigella. M'zaka za m'ma 1950 madokotala kumeneko anayamba kukumana ndi Shigella wosamva mankhwala anayi nthawi imodzi: sulfonamide, streptomycin, chloramphenicol ndi tetracycline. Zinali zozunguza mutu. Nzeru ya nthawi imeneyo inkati kachilombo kamasintha mwangozi, kamodzikamodzi, pa mankhwala amodzi. Anayi pakamodzi akanachokera kuti?

Mu 1959 ofufuza a ku Japan anasakaniza Shigella ndi E. coli m'botolo limodzi, n'kupeza kuti kusamva mankhwala kukuchoka kwa kachilombo kena kupita kwa kanzake, ngakhale tili ta mitundu yosiyana. Chimene chimasamukacho ndi kachingwe kozungulira ka DNA kotchedwa plasmid, kamene kamanyamula malangizo a mmene kachilombo kangadzitetezere. Tizilombo tiwiri timagundana, kena n'kupatsira kanzake, monga mmene amayi amapalirana moto m'mawa: wopereka satsala wopanda, wolandira amakayatsa kwake, n'kudzagawiranso wina.

Tsutomu Watanabe wa pa Keio University ku Tokyo anafotokoza zonsezi m'Chingelezi mu 1963, ndipo apo m'pamene akatswiri a ku Ulaya ndi America anatsegula maso. Levy, akadali pa sukulu ya udokotala, anapita kukagwira ntchito mu labotale ya Watanabe mu 1964. Anabwerako atagwidwa nayo nkhaniyi, osaisiyanso.

Dokotala wa anthu anayamba bwanji kuweta nkhuku?

Mu 1950 akatswiri awiri a kampani ya Lederle, Thomas Jukes ndi Robert Stokstad, analengeza kuti anapiye odyetsedwa zotsalira popanga mankhwala a aureomycin akukula msanga kuposa anzawo. Alimi a ku America anailandira ndi manja awiri nkhaniyo. Posakhalitsa maantibayotiki pang'ono ankasakanizidwa m'chakudya cha nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe tsiku ndi tsiku, ziwetozo zili bwinobwino, cholinga chili chakuti zinenepe msanga pa chakudya chochepa.

Ena anayamba kudandaula. Ku Britain, lipoti la komiti ya Swann la mu 1969 linati mankhwala ochizira anthu asamathiridwe m'chakudya cha ziweto pofuna kuzikulitsa. Makampani ankakana kuti palibe umboni woti zochitika m'khola zimafika kwa munthu. Kutsutsa galu n'kukumba. Bungwe la makampani opanga mankhwala a ziweto lotchedwa Animal Health Institute linapereka ndalama zoti nkhaniyi ifufuzidwe, ndipo amene anapatsidwa ntchitoyo anali Levy.

Anachita chiyani kwenikweni, ndipo anapeza chiyani?

Anafuna malo amene ziweto zake zinali zisanadyepo maantibayotiki, ndipo anapeza banja lina lalikulu ku Sherborn, kunja pang'ono kwa Boston. Mu 1974 anaikako anapiye 300 n'kuwagawa m'makola. Ena ankadya chakudya wamba, ena chosakaniza ndi oxytetracycline. Mlungu uliwonse ankatenga zitosi kukapima. Ankapimanso chimbudzi cha anthu 11 a pafamupo ndi cha anthu 24 oyandikana nawo amene sankayandikira nkhukuzo. Ndimawalemekeza anthu amenewa. Kupereka chimbudzi chako kwa mlendo mlungu ndi mlungu, miyezi yambirimbiri, si chinthu chimene aliyense angavomere, ndipo popanda iwo sitikanadziwa zimene tikudziwa lero.

Pasanathe mlungu umodzi, pafupifupi mabakiteriya onse a m'matumbo a nkhuku zodya mankhwala anali osamva tetracycline. Izi sizinadabwitse munthu. Chodabwitsa chinadza patapita miyezi ingapo: nkhuku zomwezo zinayamba kutulutsa tizilombo tosamvanso ampicillin, streptomycin ndi sulfonamide, mankhwala amene sizinalawepo n'kamodzi komwe. Chifukwa chake ndi ma plasmid aja. Kachingwe kamodzi kamanyamula zida zingapo, ndiye mukapulumutsa kachilombo chifukwa cha chida chimodzi, mwapulumutsa ndi zida zinazo.

Kenaka zinafika kwa anthu. Pofika mwezi wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, 31.3 peresenti ya zoyeza zochokera kwa anthu a pafamu zinali zodzaza ndi tizilombo tosamva tetracycline, pamene kwa oyandikana nawo zinali 6.8 peresenti yokha. Mwa anthu 11 a pafamu, 7 anapezeka choncho kawiri kapena kuposerapo. Mwa oyandikana nawo 24, anali 3 okha. Anthu a pafamuwo sankamwa tetracycline. Ankangodyetsa nkhuku, kusesa m'khola ndi kukhala moyandikana nazo.

Tizilomboto tinali E. coli wamba wa m'matumbo, ndipo kukhala nato sikutanthauza kuti munthu wadwala. Vuto limadza tsiku limene kachilombo kotero kalowa m'chikhodzodzo kapena m'magazi, kapenanso kagawira zida zake kwa kachilombo koopsa monga Salmonella. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1976 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Amene analipira kafukufukuyo analandira yankho limene sankaliyembekezera, ndipo Levy sanalifewetse.

Ndiye kuti boma la America linaletsa mchitidwewo nthawi yomweyo?

Ayi. Mu 1977 bungwe loona za mankhwala ndi zakudya la FDA linayesa kuchotsa penisilini ndi tetracycline m'chakudya cha ziweto, koma aphungu a nyumba ya malamulo analiimitsa n'kunena kuti pakufunika kafukufuku wina. Sweden inaletsa mu 1986, maiko a European Union mu 2006. Ku America kugwiritsa ntchito mankhwala ofunika kwa anthu pokulitsira ziweto kunatha mu January 2017, patapita zaka zoposa 40 chisindikizireni nkhani ya ku Sherborn. Mwana wobadwa mu 1976 anali atayamba imvi.

Kodi kachilombo kamachita chiyani kuti mankhwala asakaphe?

Njira zilipo zingapo. Tina timapanga zinthu zophwanya mankhwalawo asanagwire, monga zimachitikira ndi penisilini. Tina timasintha malo amene mankhwala amakagwira, kotero kuti akafika amapeza loko wasinthidwa. Za tetracycline sizinkamveka, chifukwa mankhwalawo ankapezeka athunthu, osaphwanyidwa, koma kachilombo kali moyo.

Levy ndi mnzake wa mu labotale, Laura McMurry, ndi amene anamasula mfundoyi pakati pa 1978 ndi 1980. Anaonetsa kuti kachilombo kosamva kali ndi kapampu pakhungu lake. Mankhwala akalowa, iko kamawapopera kunja msangamsanga, ngati msodzi amene akukapa madzi m'bwato lobooka mofulumira kuposa mmene akulowera. Bwatolo silimira. Aka kanali koyamba kuti anthu adziwe kuti bakiteriya angathe kulavula maantibayotiki chotero. Lero zimadziwika kuti timapampu totere tili m'mabakiteriya ambiri ndipo timatulutsa mankhwala osiyanasiyana.

Mu 1983 labotale yake inapezanso malo ena mu DNA ya E. coli, amene anawatcha mar, ogwira ntchito ngati switchi. Akayatsidwa, kachilombo kamatseka zina mwa zipata zolowera ndi kulimbitsa mapampu, n'kuyamba kupirira mankhwala angapo osagwirizana n'komwe. Izi zimachitika popanda plasmid yochokera kwina.

Bwanji sanangokhala mu labotale n'kusiya andale achite zawo?

Chifukwa anazindikira kuti maantibayotiki ndi osiyana ndi mankhwala ena onse. Ine ndikamwa panado mosayenera, wovutika ndine ndekha. Ndikamwa amokisilini mosayenera, tizilombo tosamva timene ndalera m'matumbo mwanga timapita kuchimbudzi, m'madzi, m'manja mwa mwana wanga, kwa mnansi wanga amene sanamwepo kapisozi chaka chonse. Levy ankati awa ndi mankhwala a gulu lonse. Kwa ine mfundo yaikulu pa ntchito yake yonse ndi imeneyi. Mphamvu ya amokisilini ili ngati chitsime cha pamudzi: aliyense amatunga, ndipo mmodzi akachidetsa, onse amamwa zomwezo.

Mu 1981, pa msonkhano wa akatswiri a ma plasmid ku Santo Domingo m'dziko la Dominican Republic, anatsogolera asayansi ochokera m'maiko ambiri kusaina chikalata chochenjeza dziko lonse za kuseweretsa maantibayotiki. Chaka chomwecho anayambitsa bungwe la Alliance for the Prudent Use of Antibiotics, limene linafika pokhala ndi nthambi m'maiko oposa 60, ena a mu Africa. Mu 1992 analemba buku la anthu wamba lotchedwa The Antibiotic Paradox. Anakalankhula kwa aphungu, kwa atolankhani, kwa alimi ndi kwa madokotala anzake amene ankalembera odwala chimfine maantibayotiki pongofuna kuti wodwalayo asatuluke chimanjamanja. Chimfine chimayamba ndi vairasi, ndipo maantibayotiki sakhudza vairasi.

Ndamva kuti anadanaponso ndi sopo. N'zoona?

Sopo wamba analibe naye mlandu. Amene ankamukayikira ndi sopo wothiridwa mankhwala a triclosan, amene ankatsatsidwa kuti amapha majeremusi. Mu 1998 labotale yake inaonetsa kuti triclosan amagwira malo amodzi enieni m'kachilombo, monga amachitira maantibayotiki, kotero kachilombo kangathe kumuzemba. Mu 2016 FDA inaletsa triclosan mu sopo wosambira m'manja wogulitsidwa m'masitolo, itaona kuti palibe umboni woti amaposa sopo wamba ndi madzi.

Mankhwala akale akaleka kugwira, bwanji osangopanga atsopano?

Levy anayesa yekha. Mu 1996 iye ndi Walter Gilbert, wasayansi wa mphotho ya Nobel, anayambitsa kampani ya Paratek kuti apange tetracycline amene mapampu aja sangamulavule. Mankhwala ake, omadacycline, anavomerezedwa ku America mu October 2018 pochiza chibayo ndi matenda a pakhungu. Panali patapita zaka 22. Levy anamwalira patangotha miyezi 11, atadwala matenda a Parkinson.

Ndipo kupanga n'kwina, kugulitsa n'kwina. Mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi munthu amamwa moyo wake wonse, pamene maantibayotiki amamwa masiku ochepa, ndipo akakhala atsopano madokotala abwino amawasunga kuti agwiritsidwe pa odwala kwambiri okha. Phindu limachepa. Kampani ya Achaogen inavomerezedwa mankhwala atsopano mu 2018, koma pofika April 2019 inali itagwa ndi ngongole. Makampani ambiri akuluakulu anachokamo kale mu ntchitoyi. Ngakhale atsopanowo akatuluka, mtengo wake sufikirika kuchipatala cha boma cha dziko losauka.

Zonsezi ndi za ku America. Kwathu kuno zikutikhudza pati?

Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa m'magazini ya Lancet mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa chakuti mabakiteriya amene anawagwira sanamve mankhwala. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfazi zinachuluka kwambiri kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kuposa kwina kulikonse.

Malawi ali ndi umboni wakewake, ndipo ndi wosowa mu Africa. Kuyambira mu 1998, labotale ya Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre yakhala ikupima magazi a odwala otentha thupi kwambiri ogonekedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth kuti ione kachilombo kamene kali m'magazimo ndi mankhwala amene kangamve. Mu 2017 Patrick Musicha ndi anzake anafalitsa zimene zinapezeka kuchokera mu 1998 kufika mu 2016, pa zoyeza zoposa 190,000. Theka la mabakiteriya opezeka linali losamva mankhwala onse atatu oyambira: amokisilini kapena penisilini, chloramphenicol ndi bakitilimu. Madokotala anatembenukira ku jakisoni wa ceftriaxone, koma tizilombo tinatsatira. Mu 2003, mabakiteriya a Klebsiella 12 pa 100 alionse anali ndi chida chophwanyira mankhwala a mtundu wa ceftriaxone. Pofika 2016 anali 90 pa 100. Kwa E. coli chiwerengero chinachoka pa ochepera 1 kufika pa 30 pa 100. Klebsiella amagwira kwambiri makanda obadwa masiku osakwana. Kumbuyo kwa nambala 90 imeneyo kuli mayi wokhala pa benchi panja pa chipinda cha makanda, namwino atabaya jakisoni woyenera pa nthawi yake, koma thupi la mwana osazizira.

Tayifodi nayenso anabuka mwamphamvu ku Blantyre kuyambira mu 2011, woyambitsidwa ndi mtundu wosamva mankhwala atatu akale aja. Apa yankho linachokera ku katemera. Ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi mu 2018, ndipo mu May 2023 katemerayo anaperekedwa m'dziko lonse. Mwana amene sanadwale safuna maantibayotiki.

Palinso chinthu cholimbitsa mtima. Kolokwini atachotsedwa mu 1993, ofufuza ku Blantyre anapeza patapita zaka zoposa 10 kuti tizilombo ta malungo tayambiranso kumumva. Levy ankakhulupirira zotere, kuti mankhwala akapumitsidwa, tizilombo tomva timabwerera n'kulanda malo. Kwa mabakiteriya zimachitika pang'onopang'ono, nthawi zina osachitika n'komwe, chifukwa cha ma plasmid onyamula zida zambiri aja.

Koma kwathu anthu ambiri amafa chifukwa chosowa mankhwala. Kodi kunena kuti tichepetse si kulankhula kwa anthu okhuta?

Funso ili ndi lachilungamo. Mwana wa chibayo kumudzi wa makilomita ambiri kuchokera kuchipatala amafunika amokisilini lero lomwe, ndipo kumumana ndi kumupha. Anthu ambiri amene ali ndi HIV amamwa bakitilimu tsiku lililonse mwa malangizo a chipatala, ndipo wapulumutsa miyoyo yosawerengeka. Bambo amene wagula makapisozi anayi pa golosale sanachite mwano. Ndalama inathera pomwepo, ndipo ulendo wa kuchipatala ukanadya ndalama yoposa pamenepo.

Ndiye sindingaloze chala bamboyo. Ndingaloze mijigo yowonongeka, zimbudzi zosakwana, zipatala zopanda labotale kumene dokotala amangoganizira chifukwa alibe chopimira, ndi mankhwala ogulitsidwa pa msika atakhala padzuwa. Malawi anakonza ndondomeko ya dziko yolimbana ndi vutoli ya 2017 mpaka 2022, ndipo ukhondo ndi zopimira zinali mbali ya ntchitoyo. Chimene munthu payekha angachite ndi chochepa koma chenicheni: kumwa monga wauzidwira kuchipatala, osagawira mnzake, osasunga otsala, ndi kulola kutuluka wopanda makapisozi dokotala akanena kuti ndi chimfine chabe.

Nanga nkhuku zathu?

Ulimi wa nkhuku zoyera ukukula m'matauni onse, ambiri akuwetera kuseri kwa nyumba, khola lili moyandikana ndi khitchini, ana akusewera pomwepo. Oxytetracycline, mankhwala omwe aja a ku Sherborn, amagulitsidwa m'masitolo a zaulimi, ndipo alimi ambiri amathira m'madzi a anapiye kuyambira tsiku loyamba poopa kuti angafe. Mantha awo ndi omveka, chifukwa mpamba wonse wa banja uli m'kholamo. Komabe zimene Levy anaona zimachitikanso m'khola lililonse lotero: mlungu umodzi kwa nkhuku, miyezi yochepa kwa wosesa zitosi. Zitosizo timakathiranso ku dimba la masamba. Nkhuku ikadwaladi matenda a mabakiteriya, mankhwala ndi oyenera, mlangizi wa ziweto ataiona, ndipo pa paketi pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanaiphe kapena kudya mazira ake.

Kumudzi nkhani imakhala ya chideru, chimene ena amati chitopa. Chikalowa m'mudzi nyengo yotentha, nkhuku zikuwodzera, mapiko ali pansi, anthu amatsegula makapisozi a anthu n'kusungunula m'madzi a nkhuku. Chideru ndi vairasi. Kapisozi sachikhudza, amangosefa mabakiteriya a m'matumbo mwa nkhukuyo n'kusiya osamva okhaokha. Chimene chimateteza ndi katemera wa I-2, amene alangizi a ziweto ndi anthu ophunzitsidwa m'midzi amayenda naye: kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, miyezi inayi iliyonse, chideru chisanafike.